Kasandutsidwe ka nambala kukhala perfect cube ndi prime factorisation, ndalemba kamodzi basi

Funso ili ndafunsidwa kambirimbiri moti pano uthenga ukangoyamba ndi "pepani ndikusokonezeni pang'ono" ndimadziwiratu chomwe chikubwera. Nambala imangosintha, lero 392 mawa 1080, koma funso ndi lomwe lija: tipeze nambala yaing'ono kwambiri yoti tikachulukitsa nayo, kapena tikagawa nayo, yankho lituluke perfect cube. Nde ndati ndilembe zonse pamodzi, wina akadzafunsanso ndizingomuuza kuti werengani apa. Tengani pepala ndi cholembera, masamu ongowayang'ana ndi maso salowa m'mutu.

Timvane kaye mawu, chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa asanayambe n'komwe kuwerengetsa.

Cube, kapena kuti perfect cube, ndi yankho lomwe mumapeza nambala imodzi ikaoneka katatu mochulukitsana. 2 × 2 × 2 = 8, 5 × 5 × 5 = 125. Si 5 × 3 ayi, chonde, 15 si cube. Dzinali linachokera ku kabokosi kofanana mbali zonse ngati dayisi, mulitali, mulifupi ndi msinkhu zonse chimodzimodzi. Mutakhala ndi madayisi 27 mutha kuwasanja atatu mulitali, atatu mulifupi, atatu kukwera m'mwamba, n'kutuluka bokosi lodzadza bwinobwino. Akakhala 28 imodzi itsala panja. Ma cube khumi oyambirira ndi 1, 8, 27, 64, 125, 216, 343, 512, 729 ndi 1000, alowezeni, adzakupulumutsani nthawi yambiri.

Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23 kumapita. 1 si prime. 9 si prime, 15 si prime, kukhala odd si chiphaso. Ndiye prime factorisation ndi kuiphwanya nambala mpaka itsale ma prime okhaokha ochulukitsana. Chosangalatsa n'choti nambala iliyonse imaphwanyika mwa mtundu umodzi wokha, kaya muyambira pati mudzafika pa ma prime omwewo. Maziko a mfundoyi ali kale m'zolemba za Euclid, katswiri wa masamu wakalekale, ndipo katswiri wina, Gauss, anaitsimikizira mokwanira mu 1801. Kwa ife zikungotanthauza kuti inu ndi mnzanu mukapeza ma prime osiyana pa nambala imodzi, wina walakwitsa, palibe zoti aliyense ndi njira yake.

Tsopano chifukwa chake timasaka magulu a atatu atatu. Taonani 216, ndi 6 × 6 × 6. Koma 6 aliyense ndi 2 × 3, nde 216 ali ndi ma 2 atatu ndi ma 3 atatu, mbali iliyonse ya bokosi lija yatenga 2 mmodzi ndi 3 mmodzi. Nkhani yonse yagona pamenepa: mbali zitatu zija zimafuna gawo lofanana, ndiye prime aliyense ayenera kupezeka mwa chiwerengero choti chigawike patatu popanda wotsala. Mukagwira ichi masitepe ali m'munsiwa simuchita kuloweza.

1. Werengani funso, muone akufuna chani

Kuchulukitsa ndi kugawa zimapereka mayankho osiyana pa nambala yomweyo. Pa 392, wochulukitsa yankho ndi 7, wogawa yankho ndi 49. Lembani mzere pansi pa mawu amenewo musanayambe chilichonse.

Ndipo funso likanena zophatikiza kapena kuchotsera, siyani prime factorisation, siikuthandizani olo pang'ono. Apo mumangoyang'ana ma cube oyandikana nayo. 130 ili pakati pa 125 ndi 216, nde muchotse 5 kapena muonjezere 86, zatha.

2. Phwanyani nambala mpaka pansi

Ine ndimakonda njira yogawa motsika ngati makwerero kusiyana ndi ya mtengo wa nthambi ija, chifukwa ya nthambi anthu amaiwala nthambi imodzi ili ndi 4 kapena 9 osaimaliza. Yambani ndi prime wamng'ono yemwe akulowa, mum'gwiritse ntchito mpaka akane, kenako mupite kwa wotsatira. Titenge 1080.

1080 ÷ 2 = 540
540 ÷ 2 = 270
270 ÷ 2 = 135
135 ÷ 3 = 45
45 ÷ 3 = 15
15 ÷ 3 = 5
5 ÷ 5 = 1

Mukafika pa 1 mwamaliza. 1080 = 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 3 × 5.

Kuti musamangoyesa mwachimbulimbuli: 2 amalowa nambala ikathera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8. 5 amalowa ikathera ndi 0 kapena 5. Za 3 muphatikize madijiti ake, 135 ndi 1 + 3 + 5 = 9, 9 amagawika ndi 3, nde 135 nayenso agawika. Za 7 ziliko njira zachidule koma kunena zoona n'zotalika kuposa kungogawa, ingogawani.

Tsopano apa ndi pomwe mabuku ambiri amangodutsapo ngati palibe vuto, chonsecho mamalikisi amathera pomwepa. Mwagawa ndi 2, wakana. 3 wakana, 5 wakana, 7 wakana. Kwatsala nambala yooneka yachilendo. Kodi ndi prime kapena mwangotopa?

Ndinaonapo pepala la mwana wina, funso linali la 968. Anagawa bwinobwino ndi 2 katatu n'kutsala ndi 121, anayesa 3, 5, 7 zonse zinakana, iye n'kulemba kuti 121 ndi prime. Ndiye poti "prime" wakeyo anali mmodzi, anati pakufunika ena awiri, 121 × 121, yankho 14641, analizunguliza ndi bokosi lokongola ndithu mpaka mizere iwiri pansi. Koma 121 ndi 11 × 11. 968 = 2³ × 11², kutanthauza ma 2 atatu ndi ma 11 awiri, pamangosowa 11 mmodzi yekha, 968 × 11 = 10648 yemwe ndi 22³. Chowawa n'choti yankho lake lija limaperekadi cube, kungoti si nambala yaing'ono kwambiri yomwe funso limafuna, nde ngakhale akanayesa pa calculator bwenzi akuona ngati wakhoza.

Lamulo loimira ndi ili. Pitirizani kuyesa ma prime motsatana, ndipo pa prime aliyense muzimuchulukitsa ndi iye mwini. Yankho likaposa nambala yatsalayo ndipo palibe yemwe walowa, imani, nambalayo ndi prime. Mwachitsanzo mwatsala ndi 167. 2, 3, 5, 7, 11 onse akana. Wotsatira ndi 13, koma 13 × 13 = 169, wadutsa kale 167, nde palibe chifukwa chopitirizira, 167 ndi prime. Chifukwa chake n'chophweka, nambala ikamaphwanyika pawiri, zidutswa zonse ziwiri sizingakhale zazikulu kuposa square root yake (nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka nambalayo), chimodzi chiyenera kukhala chaching'ono kapena chofanana nayo, ndiye mukasaka kumunsi konse osachipeza ndiye kuti kulibe. Koma mutatsala ndi 221 musaime pa 11, chifukwa 169 sanafike pa 221, yesani 13 ndipo mupeza 221 = 13 × 17.

Pali manambala ena onamiza omwe ndimati muwadziwe nkhope: 51 ndi 3 × 17, 57 ndi 3 × 19, 87 ndi 3 × 29, 91 ndi 7 × 13, 119 ndi 7 × 17, 143 ndi 11 × 13. Oopsa kwambiri pa nkhani ya ma cube ndi aja obisa prime mmodzi kawiri, 49, 121, 169, 289, 361. 91 uja amagwetsa anthu a njira ya nthambi, munthu amalemba 637 = 7 × 91 n'kuima, osadziwa kuti mu 91 mwabisala 7 wina.

3. Bwezerani muone ngati zikugwirizana

Chulukitsani ma prime mwapezawo. 8 × 27 × 5 = 1080, zili bwino. Zimatenga masekondi ochepa ndipo mukadumpha 2 mmodzi pokopera mumugwira pano, osati kumapeto zonse zitaonongeka.

4. Werengani prime aliyense alipo kangati

Lembani ndi ma pawa, tinambala tating'ono ta pamwamba tija. 1080 = 2³ × 3³ × 5¹. Ka 1 ka pa 5 ako muzikalemba ngakhale aphunzitsi ena amati n'kosafunika, pa funso ili kamakukumbutsani kuti 5 alipo mmodzi osati ziro. Ngati ma pawa amakusokonezani palibe manyazi, lembani ma prime onse pamzere n'kumazunguliza atatu atatu ofanana, otsala kunja kwa mizunguliro ndi omwe tikuwafuna.

Ma pawa onse akakhala 3, 6, 9 kapena nambala ina yogawika ndi 3, nambalayo ndi perfect cube kale. Funso likakhala longofunsa ngati ili cube kapena ayi, mwayankha pomwepa.

5. Yang'anani chotsala, osati kukula kwa pawa

Apa khalani tcheru. Zitsanzo za m'kalasi nthawi zambiri zimakhala za ma pawa 1, 2 ndi 3, nde munthu amazolowera kuganiza kuti cholinga ndi kufika pa 3. Pamayeso n'kukumana ndi 2⁴ kapena 2⁵, mutu kuima. Ena amati aa awa akwana kale mpaka apitirira, n'kuwasiya. Ayi. Ma 2 anayi ndi gulu limodzi lathunthu ndi mmodzi wotsala, ndipo wotsalayo akuononga cube chimodzimodzi ngati akanakhala yekha. Kumbukani mbali zitatu za bokosi zija, muli ndi ma 2 anayi, mwapereka mmodzi mmodzi, wachinayiyo mupatsa mbali iti osakondera?

Ndiye pawa iliyonse muigawe ndi 3 muone chotsala. Zotsala zilipo zitatu zokha padziko lonse lapansi, 0, 1 ndi 2.

Chotsala chikakhala 0, prime ameneyo musamukhudze.
Chikakhala 1, pochulukitsa pakufunika ena awiri, pogawa muchotsa mmodzi.
Chikakhala 2, pochulukitsa pakufunika mmodzi, pogawa muchotsa awiri.

Kaya pawa ndi 4, kaya 11, kaya 100, ndi zomwezi. 100 ÷ 3 ndi 33 kutsala 1, nde 2¹⁰⁰ akusowa ma 2 awiri kuti afike pa 102. Simunafunike n'komwe kudziwa kuti nambalayo ndi yaikulu bwanji.

Tiyese ndi 3600, yemwe ndimamukonda chifukwa prime aliyense ali ndi vuto lake. 3600 = 2⁴ × 3² × 5². Pa 2 chotsala ndi 1, pa 3 chotsala ndi 2, pa 5 chotsala ndi 2.

6. Ngati funso ndi lochulukitsa, dzadzitsani magulu

Pa 3600, ma 2 achoke pa 4 afike pa 6, pakufunika awiri. Ma 3 achoke pa 2 afike pa 3, mmodzi. Ma 5 chimodzimodzi, mmodzi. Nambala yathu ndi 2 × 2 × 3 × 5 = 60. Ndipo 3600 × 60 = 216000.

Zolakwika ziwiri zomwe ndimaziona mobwerezabwereza pano. Choyamba, kuphatikiza osowawo m'malo mochulukitsa, munthu kulemba 2 + 2 + 3 + 5 = 12. Chachiwiri, pakasowa ma 5 awiri kulemba 10 m'malo mwa 25. Pa 1080 uja pakusowa ma 5 awiri, nde yankho ndi 5 × 5 = 25, ndipo 1080 × 25 = 27000 yemwe ndi 30³. Mukachulukitsa ndi 10 mupeza 10800, si cube ameneyo.

Wina anandifunsapo kuti tidziwa bwanji kuti 60 ndiye wamng'ono kwambiri, bwanji ngati pali wina pansi pake. Funso labwino kwambiri. Nambala iliyonse yomwe ingagwire ntchitoyi iyenera kubweretsa ma 2 osachepera awiri, 3 mmodzi ndi 5 mmodzi, ikapanda kutero gulu lina likhala loperewera. Ife tapereka zokhazo osaonjezera kanthu. Ena ogwira ntchito alipo ambirimbiri koma onse ndi 60 kuchulukitsa ndi cube ina, monga 60 × 8 = 480, yemwe amapereka 1728000, cube ya 120. N'chifukwa chake funso limanenetsa kuti yaing'ono kwambiri.

7. Ngati funso ndi logawa, chotsani otsalawo

Pano simukudzadzitsa, mukutaya onse omwe ali kunja kwa magulu. Pa 3600 mutaya 2 mmodzi, ma 3 onse awiri ndi ma 5 onse awiri. 2 × 9 × 25 = 450, ndipo 3600 ÷ 450 = 8. Musadabwe kuti 3 ndi 5 asoweratu, palibe lamulo loti prime aliyense apulumuke. Nthawi zina onse amapita n'kutsala 1, monga 30 = 2 × 3 × 5, muyenera kugawa ndi 30 yemweyo, ndipo 1 ndi cube yabwinobwino, 1 × 1 × 1.

Cholakwika cha pano ndi chosemphanitsa, kutenga osowa a sitepe 6 n'kugawa nawo. 3600 ÷ 60 = 60, si cube. Kapena kuona 2⁴ n'kuchotsa onse anayi, pomwe atatu anali bwinobwino pagulu lawo.

Chitsanzo china chachangu cha pawa 5. 96 = 2⁵ × 3¹. Ma 2 chotsala 2, ma 3 chotsala 1. Pochulukitsa: 2 × 3 × 3 = 18, kupereka 1728, cube ya 12. Pogawa: 2 × 2 × 3 = 12, kupereka 8. Poti tafika pa 1728 ndingotchulako, mukaonjezera 1 mupeza 1729, nambala ija inatchuka chifukwa cha akatswiri a masamu Hardy ndi Ramanujan. Hardy anapita kukamuona Ramanujan akudwala n'kunena kuti nambala ya taxi yomwe anakwera inali yosasangalatsa, Ramanujan n'kumuyankha kuti ndi nambala yaing'ono kwambiri yomwe ingalembedwe ngati ma cube awiri ophatikiza mwa njira ziwiri, 1728 + 1 komanso 1000 + 729. Iyoyo payokha si cube, ndi 7 × 13 × 19. Izi sizibwera pamayeso, tibwerere.

8. Pezani cube root, ndi umboni wanu womwewo

Mafunso ambiri amamaliza ndi kuti pezaninso cube root ya yankholo, kutanthauza nambala yomwe ikaoneka katatu mochulukitsana imapereka yankholo. Musayambirenso kuphwanya 216000, ma prime muli nawo kale. 216000 = 2⁶ × 3³ × 5³. Pawa iliyonse igaweni ndi 3, mupeza 2² × 3 × 5 = 60. Kapena kunena kwina, pagulu lililonse la atatu tengani mmodzi, ma 2 ali ndi magulu awiri nde atuluka awiri. Kenako yesani, 60 × 60 × 60 = 216000. Zatheka. Kuti 60 waonekanso kawiri pa chitsanzo ichi zangochitika chifukwa 3600 ndi 60 × 60, musayembekezere zimenezo nthawi zonse, pa 96 tinachulukitsa ndi 18 koma cube root inali 12.

Ngati mulibe calculator pali timayeso tiwiri tachangu togwirira cholakwika. Cube ikathera ndi ma ziro, ma zirowo amakhala 3, 6, 9, osati awiri kapena anayi, nde 10800 uja akanagwidwa ndi maso okha. Kachiwiri, phatikizani madijiti mpaka itsale imodzi, cube imapereka 1, 8 kapena 9 basi. 10648 ndi 1 + 0 + 6 + 4 + 8 = 19, kenako 10, kenako 1, yadutsa. Koma chenjerani, kameneka kamangotha kukana, sikavomereza. 26 amapereka 8 koma si cube. Ndipo zija munaphunzira pa ma square (nambala kuchulukitsa ndi iyo yomwe, monga 5 × 5 = 25) zoti sathera ndi 2, 3, 7 kapena 8 musazibweretse kuno, cube imatha kuthera ndi dijiti iliyonse, 512, 343, 27, 8 ndi awo.

Pali mitundu ina ya funso lomweli yomwe imabwera itavala zovala zina. Akalemba kuti 540k ndi perfect cube, pezani k wamng'ono kwambiri, ndi funso lochulukitsa lija basi. 540 = 2² × 3³ × 5¹, k = 2 × 5 × 5 = 50, ndipo 540 × 50 = 27000. Akakupatsani nambala yophwanya kale, monga 2⁷ × 3² × 11, thokozani, akuchitirani ntchito yovuta, yambirani pa sitepe 5 ndipo musayerekeze kuichulukitsa kuti muone kukula kwake. Nambala ya negative isakuopseni, ma cube amalola, −14 × −14 × −14 = −2744, nde pa −392 yankho likadali 7, minus mungoisunga pambali n'kuibwezera pa cube root.

Lovutirapo ndi loti yankho likhale square komanso cube nthawi imodzi. Square imafuna ma pawa ogawika ndi 2, cube ogawika ndi 3, zonse pamodzi ndiye ogawika ndi 6. Pa 72 = 2³ × 3², ma 2 afike pa 6 pakufunika atatu, ma 3 afike pa 6 pakufunika anayi, 8 × 81 = 648. 72 × 648 = 46656, yemwe ndi 216² komanso 36³. Taonani kuti 2³ yemwe pa cube yokha tikanamusiya, pano wafunika kumuonjezera.

Yesani awa, pa iliyonse mupeze yochulukitsa nayo ndi yogawa nayo, mubise mzere wa mayankho ndi dzanja: 675, 1600, 2592, 5324.

Mayankho: 675 ndi 5 komanso 25. 1600 ndi 5 komanso 25, inde afanana ndi oyambawo, 2⁶ sanafune kanthu. 2592 ndi 18 komanso 12. 5324 ndi 2 komanso 4, ndipo ngati pa imeneyi munaima pa 1331 n'kumutcha prime, bwererani pa sitepe 2 mukayese 11.